Malire Amene Ankasamuka: Sabata Imodzi M'mapazi a Anthu a Creek

Lolemba, New York

Miyezi itatu yapitayo mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Atlanta, anandiimbira foni n'kufunsa kuti, "Amalume, mukabwera mukufuna ndidzakuonetseni chiyani?" Ndinamuuza kuti adzanditengere kumene boma la America, lidakali khanda, linakhalira pansi ndi mafumu a anthu a Creek, umodzi mwa mitundu imene azungu anaipeza m'dzikolo, n'kupangana za malire. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Chabwino amalume, ndipempha tchuthi."

Nkhaniyi ndinayamba kuitsata ndikuphunzitsabe mbiri ku sekondale, koma inandilowa mumtima zaka zinayi zapitazo, pamene wina wa pabanja pathu anagulitsa munda wa mbumba mwakachetechete, n'kusaina pepala ngati mundawo ndi wake yekha. Ine monga mwini mbumba ndinayenda nawo mlanduwo mpaka nsapato kuperepeseka. Chiyambire pamenepo, ndikamva za pangano lililonse la malo funso langa limakhala limodzi: wosainayo anatumidwa ndi yani?

Lero m'mawa tinatsika sitima ya pansi panthaka pa Wall Street. Msewu wake ndi wopanikizika, dzuwa silifika pansi bwinobwino, ndipo mphepo ya Okutobala ikuluma ngati ya mu Juni kwathu. Pamphambano pali nyumba ya mizati ikuluikulu yotchedwa Federal Hall, kutsogolo kwake chiboliboli cha George Washington. Anthu akungokwera masitepe, kujambulitsa, n'kumapita. Nyumba yakale inagwetsedwa mu 1812, ndipo ilipoyi inatha kumangidwa mu 1842, koma malo ndi omwewo. Apa ndi pamene Washington analumbirira upulezidenti pa 30 Epulo 1789, ndipo apa pomwe, pa 13 Ogasiti 1790, anaima pamaso pa mafumu a Creek kutsimikiza pangano la mtendere.

Dzina lakuti Creek anawapatsa ndi Angelezi. Eni ake amadzitcha Muscogee. Sunali ufumu wa munthu mmodzi ayi. Inali midzi ikuluikulu yambirimbiri m'dera lomwe lero ndi Georgia ndi Alabama, mudzi uliwonse ndi bwalo lake, moto wake ndi mfumu yake, imene amati micco. Midzi ya kumtunda inali m'mbali mwa mitsinje ya Coosa ndi Tallapoosa, ya kumunsi m'mbali mwa Chattahoochee ndi Flint. Mfumu inalibe chikwapu chokakamizira anthu. Mphamvu yake inali pakamwa, kunyengerera mpaka bwalo limvane.

Musaganize kuti Washington anawaitana chifukwa cha chifundo chokha. Boma lake linali m'ngongole za nkhondo yomenyera ufulu, ndipo mu 1789 asilikali ake sankakwana 1,000. A Creek anali ndi ankhondo zikwi zingapo, mfuti ndi wonga akuzipeza kwa Asipanishi amene ankalamulira Florida ndi New Orleans. Nduna ya zankhondo, Henry Knox, inawerengera n'kuona kuti nkhondo idya ndalama zomwe thumba la boma linalibe. Inanenanso mawu amene ndimawalemekeza mpaka lero: kuti amene anayamba kukhala pamalo ndiwo eni nthaka, ndipo mitundu yawo iyenera kupangana ndi boma lalikulu monga mayiko, osati ndi boma la Georgia. M'nyumba yakale ija, pa 22 Ogasiti 1789, Washington analowa yekha m'nyumba ya malamulo ya Senate, Knox ali pambali, kukapempha maganizo pa zokambirana ndi mitundu ya kummwera. Aphungu anafuna nthawi yoti aunike kaye mapepala, iye anapsa mtima, anabweranso patapita masiku awiri n'kumaliza, koma sanadzabwerezenso kukambirana pangano nawo pamasom'pamaso. Boma linali likuphunzira kuyenda, ndipo linkaphunzirira pa nkhani ya a Creek.

Mu 1790 Washington anatuma Marinus Willett kukaitana mtsogoleri wawo wotchuka, Alexander McGillivray. Iye ndi atsogoleri anzake oposa 20 anayenda milungu yambiri pa akavalo ndi ngolo, kudutsa Richmond ndi Philadelphia, n'kufika kuno chakumapeto kwa Julayi. Mzinda wonse unakhamukira kudoko. Tsiku lotsimikiza pangano mawu ake anawerengedwa mokweza, womasulira akumasulira. Washington anapereka mkanda wa mikanda ndi fodya, mafumu anagwirana naye mikono mwa mwambo wawo n'kuimba nyimbo ya mtendere. Ndinaima pa masitepe aja nthawi yaitali, ndikuyesa kuimva nyimboyo pakati pa mahutala a magalimoto.

Lachiwiri, New York

Lero sitinayende kwambiri. Tinakhala pa benchi ku Battery Park, kuyang'ana madzi, mnyamatayu akundiwerengera panganolo pa foni yake ndime ndi ndime.

Poyamba za McGillivray. Anabadwa mu 1750 ku Little Tallassee, kufupi ndi mtsinje wa Coosa. Bambo ake, Lachlan McGillivray, anali wamalonda wochokera ku Scotland. Mayi ake, Sehoy, anali a fuko la Mphepo, limodzi mwa mafuko olemekezeka kwambiri. Azungu ankamuona ngati theka mzungu, koma kwa a Muscogee panalibe za theka. Mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo amene ali ndi mawu pa iye ndi mlongo wa mayiyo. Nditafika apa mnyamatayu anatsitsa foni n'kundiyang'ana. "Ndiye ngati kwathu, amalume?" Ndinati ee, ngati kwathu ndithu. Mchewa safunika kumufotokozera kawiri chifukwa chake mwana wa Msikotishi anatha kulankhulira a Creek.

Anaphunzira sukulu ku Charleston, ndipo chida chake chinali cholembera. Britain itasaina mtendere ku Paris mu 1783 n'kupereka kwa America dziko lonse mpaka ku mtsinje wa Mississippi popanda kutchula eni ake ngakhale kamodzi, iye analemba kuti mfumu ya Angelezi singapereke chimene sichinakhalepo chake. Mu 1784 anapangana ndi Spain ku Pensacola kuti apeze zida ndi malonda.

Pangano la New York linasainidwa pa 7 Ogasiti 1790. A Creek anasiya malo a kum'mawa kwa mtsinje wa Oconee, anavomera kukhala pansi pa chitetezo cha United States osati dziko lina, ndiponso kusapangana ndi boma la chigawo chilichonse palokha. Boma linalonjeza madola 1,500 chaka ndi chaka, ziweto ndi zipangizo zolimira. Linabweza kwa a Creek malo a kummwera kwa mtsinje wa Altamaha amene Georgia inkati ndi ake. Ndime yachisanu ndiyo ndinamupempha kuti aibwereze katatu: boma likutsimikiza ndi lumbiro kuti malo onse a kumadzulo ndi kummwera kwa malirewo ndi a mtundu wa Creek. Yotsatira ikuti mzungu aliyense womanga pamalo awo wataya chitetezo cha boma, a Creek amulange kapena amusiye mmene angafunire. Wolowa m'dziko lawo ankayenera kukhala ndi chiphaso. Ndipo kumene kunalibe mtsinje wosonyeza malire, anagwirizana kugwetsa mitengo mumzere wa mafiti 20 m'lifupi, pamaso pa akuluakulu atatu a Georgia ndi mafumu atatu achikulire a Creek, kuti pasadzakhale wonena kuti sanawaone.

Pali ndime ina imene inandiwawa. A Creek anauzidwa kubweza anthu akuda amene anali m'dziko lawo atagwidwa pa nkhondo, ndipo kubwezako kunali kuwabwezera ku ukapolo. McGillivray mwiniyo anali ndi minda yolimidwa ndi akapolo. Ine munthu wakuda sindingawerenge zimenezo n'kungodutsapo.

Panalinso ndime zachinsinsi zomwe bwalo la kwawo silinazimve. McGillivray anapatsidwa udindo wa brigadier general, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a America, ndi malipiro a madola 1,200 pachaka, pafupifupi ofanana ndi a mtundu wonse. Mu 1792 anabwereranso kwa Asipanishi n'kusaina nawo pangano lina ku New Orleans. Ena akamva izi amangoti mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndimaona munthu amene anadziwa kuti mtundu wake upulumuka pokhapokha akuluakulu awiri aja akamaopana, ndipo anayesetsa kuti aziopanabe. Koma ndalama zachinsinsi zija sindingazikhululukire mosavuta. Wolankhulira anthu sayenera kukhala ndi thumba limene anthuwo sakulidziwa. Anamwalira ku Pensacola pa 17 Febuluwale 1793, ali ndi zaka 42 zokha.

Lachitatu, Milledgeville, Georgia

Ndege ya m'mawa inatifikitsa ku Atlanta, tinatenga galimoto ya mnyamatayu n'kuyenda maola awiri chakummwera cha kum'mawa. Dothi la kuno ndi katondo weniweni, lofiira psuu m'mbali mwa msewu, pamwamba pake mitengo ya paini yokhayokha.

Madzulo ano ndinakhala m'mphepete mwa Oconee. Ndinkayembekezera chimtsinje choopsa, koma Shire wa pa Liwonde amaupitirira kutali. Madzi ake ndi a mtundu wa tiyi wamkaka, oyenda mwakachetechete, ndipo tsidya linalo munthu akaitana ungamumve. Mtsinje umenewu ndiwo unali malire a mayiko awiri.

Pangano la New York lisanabwere, Georgia inali itapanga kale mapangano ake atatu: ku Augusta mu 1783, ku Galphinton mu 1785 ndi ku Shoulderbone mu 1786. Onse atatu anasainidwa ndi mafumu ochepa, makamaka Hopoithle Mico wa ku Tallassee ndi Eneah Mico wa ku Cusseta, ndipo ku Shoulderbone kunali asilikali ndi mfuti, ena mwa a Creek n'kugwidwa ngati chikole. Sindikufuna kuwatcha mafumu awiriwa ogulitsa mtundu. Midzi yawo inkafuna malonda ndi mtendere ndi oyandikana nawo, ndipo mwa mwambo wawo mfumu inali ndi ufulu wolankhulira mudzi wake. Vuto linali lakuti Georgia inatenga mawu a midzi iwiri n'kuwasandutsa mawu a mtundu wonse. Izi ndinaziona ndi maso anga pa munda wathu uja: wogula amadziwa bwino kuti wosainayo si mwini yekha, koma pepala akalipeza amaligwira ngati Baibulo.

Midzi ina inakana, azungu anawolokera ndithu m'malo otsutsanawo ndi ng'ombe zawo, ndipo m'mbali mwa mtsinje uno munayaka moto zaka zingapo, nyumba kutenthedwa, akavalo kubedwa, anthu kuphedwa mbali zonse. Mu Seputembala 1789 Washington anatumiza nthumwi zitatu, Benjamin Lincoln, Cyrus Griffin ndi David Humphreys, kukakumana ndi McGillivray pa Rock Landing, makilomita ochepa kumunsi kwa pamene ndakhalapa. Zinabwera ndi pepala lolembalemba kale lotsimikiza zomwe Georgia inatenga. Humphreys analankhula modzikuza, McGillivray ananyamula anthu ake n'kubwerera osatsanzika. Fupa lokakamiza linaswa mphika, ndipo n'chifukwa chake chaka chotsatira anachita kumutumira munthu womupempha mwaulemu.

Komabe funso langa lija silimusiya McGillivray. Ambiri mwa amene anapita ku New York anali a midzi ya kumtunda, pamene malo a m'mbali mwa Oconee ankasakako kwambiri ndi a kumunsi. Atabwerako anapeza anthu akung'ung'udza kuti wapereka zosakhala zake. Georgia nayo inakwiya kuti boma lalikulu laibwezera m'mbuyo. Mzere wa mitengo uja unachedwa zaka zambiri osagwetsedwa. Mu 1794 Elijah Clarke, ngwazi ya Georgia pa nkhondo ya ufulu, anawoloka mtsinje uno ndi anthu ake n'kumanga malinga m'dziko la a Creek, akuti akuyambitsa dziko lakelake. Anachotsedwa chaka chomwecho, koma sanalangidwe.

Mu 1796 anakumananso ku Colerain, pa mtsinje wa St. Marys. Nthumwi za boma zinali Benjamin Hawkins, George Clymer ndi Andrew Pickens, ndipo ulendo uno mafumu anabwera ambiri. A Georgia anapempha malo ena, mafumu anakana poyera, nthumwi za boma sizinawakakamize. Pa 29 Juni anasaina kutsimikizanso pangano la New York, n'kulola boma kumanga malo a malonda ndi a asilikali m'malire. Mwa mapangano onsewa ili ndilo limandioneka ngati bwalo lenileni, pamene "ayi" wa mwini nthaka anamveka.

Sanamveke nthawi yaitali. Mu 1793 kunatulukira makina otongola thonje, ndipo dothi lofiirali linasanduka ndalama. Mu 1802 boma lomwe lija linapangana ndi Georgia kuti lidzaichotsera umwini wonse wa eni nthaka m'chigawo chake. Pakamwa pamodzi, malonjezo awiri otsutsana. Chaka chomwecho, pa Fort Wilkinson pafupi ndi pano, a Creek anasiya malo a tsidya lino la Oconee. Tauni imene tagonayi inayalidwa pamalo amenewo mu 1803, ndipo minda inagawidwa kwa azungu mwa maere, munthu aliyense wamwayi maekala 202 ndi theka.

Lachinayi, Macon

Pasanathe ola limodzi tinafika pa mtsinje wachiwiri, Ocmulgee. Mu 1805 malire anasamukira pano.

Ku Ocmulgee Mounds kuli zitunda zazikulu zoumbidwa ndi manja, dothi lotutidwa m'madengu zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Chachikulu kwambiri ndi chotalika mafiti 55. Ndinakwera masitepe ake pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pake mzinda wonse wa Macon unali poyera. Koma chimene sindidzaiwala ndi nyumba ya bwalo yokwiriridwa ndi dothi. Khomo lake ndi lalifupi, umalowa chowerama kudzera m'kanjira kopanikiza, kenako umatulukira m'chipinda chozungulira, chozizira, chili zii. Denga linamangidwanso, koma pansi pake ndi penipeni pakale, potetezedwa ndi galasi. Pakati pali dzenje la moto. M'mbali mwa khoma muli mipando 47 youmbidwa ndi dothi, ndipo moyang'anana ndi khomo muli nsanja yooneka ngati mbalame yokhala ndi mipando itatu. Mipando 50, onse oyang'anana. Ndinaganiza za nthumwi zija zinkabwera kudzaphunzitsa anthu awa chitukuko, pamene makolo a m'dziko lino anali ndi nyumba yokambirana milandu kalekale Christopher Columbus asanabadwe.

A Muscogee amati pano ndi pamene makolo awo anakhala pansi atatha ulendo wautali wochokera kumadzulo. N'chifukwa chake mu pangano la 1805, posiya malo onse a pakati pa Oconee ndi Ocmulgee, anakaniza kachigawo ka mamailosi atatu m'lifupi ndi asanu m'litali kozungulira zitundazi. Pangano lomwelo linalola boma kudutsitsa kanjira ka akavalo m'dziko lawo. Pofika 1811 kanjirako kanali msewu wa ngolo. Patapita zaka, njanji inadula zitundazi kawiri, n'kugumula mbali ya chitunda cha manda. Sitima imadutsabe, inadutsa ife tili pomwepo.

Masana tinapita ku Indian Springs, kumpoto kwa Macon. Apa ndadumpha zaka, za nkhondo ndidzanena tikafika kumalo ake. Kasupe wake amanunkha ngati dzira lowola, koma ndinapeza anthu ali pamzere ndi zigubu akutunga, akuti ndi mankhwala. Pafupi pali hotela yamatabwa imene William McIntosh, mfumu ya ku Coweta, anamanga mu 1823. Nayenso bambo ake anali a mtundu wa Asikotishi, ndipo bwanamkubwa wa Georgia wa nthawiyo, George Troup, anali msuweni wake. Bwalo lalikulu la a Creek linali litakhazikitsa lamulo lakuti wogulitsa malo popanda chilolezo cha mtundu aphedwe, ndipo McIntosh ankalidziwa bwino. Pa 12 Febuluwale 1825, m'hotela yomweyi, iye ndi anthu ochepa anasaina kupereka malo onse otsala ku Georgia ndi mbali ya Alabama. Opothleyahola, wolankhulira midzi ya kumtunda, anamuchenjeza pamaso pa anthu. Pa 30 Epulo ankhondo otsogozedwa ndi Menawa, mtsogoleri wa ku midzi ya kumtunda, anazinga nyumba yake pa Chattahoochee n'kumupha.

Mafumu anapita ku Washington kukadandaula, ndipo Pulezidenti John Quincy Adams anavomera kuti panganolo linali lachinyengo. Linafafanizidwa mu 1826. Mlandu anawina, koma malo a ku Georgia sanabwerere: Troup anatumiza oyeza malo ndithu, ndipo pofika 1827 a Creek analibe ngakhale ekala imodzi mu Georgia.

Lachisanu, panjira

M'mawa pamalo odyera anatipatsa grits, phala la chimanga chokonola chophwanyaphwanya. Ndinakumbuka kuti a Muscogee ali ndi chakumwa chawo cha chimanga chotchedwa sofkee, chowawasa pang'ono, chimene mlendo amalandiridwa nacho monga ife timachitira ndi thobwa.

Tinadzera ku Roberta, kufupi ndi mtsinje wachitatu, Flint. Kuno ndi kumene Benjamin Hawkins anakhala monga woimira boma pakati pa a Creek, udindo umene anaugwira kuyambira 1796 mpaka imfa yake mu 1816. Anaphunzira chinenero chawo ndipo ndikukhulupirira kuti ankawafunira zabwino mmene iye ankazionera. Koma ankafuna amuna asiye uzimba agwire pulawo, akazi asiye munda aziwomba nsalu, chuma chizipita kwa ana a bambo. Kumeneko kunali kugwedeza mbumba pa tsinde pake. Ndipo mlenje akasanduka mlimi wa maekala ochepa, nkhalango yotsalayo wina amati ilibe mwini.

Pa Columbus tinawoloka Chattahoochee, mtsinje wachinayi, kulowa mu Alabama. Minda ya thonje ili mbuu, yodikira kukolola. Tisanafike ku Montgomery foni inabweza yokha ola limodzi.

Loweruka, Wetumpka ndi Horseshoe Bend

Pamene Coosa ndi Tallapoosa amakumana, Afalansa anamangapo linga la Fort Toulouse mu 1717, ndi chilolezo cha eni malo. Kwawo kwa McGillivray ndi kufupi ndi pano. Tinafika m'mawa kuli mame, kulibe munthu wina koma ife ndi agologolo.

Kenako tinapita kumpoto cha kum'mawa, ku Horseshoe Bend. Msewu wa ngolo uja, ngongole za amalonda ndi chiphunzitso cha Hawkins zinagawa mtundu pakati. Tecumseh, mtsogoleri wa mtundu wa Shawnee, atabwera kumudzi wa Tuckabatchee mu 1811 kudzalimbikitsa mitundu kuti igwirizane, ena anamumvera n'kunyamula zibonga zofiira za nkhondo, ena anakana. Inayamba ngati nkhondo ya pachiweniweni mu 1813, ndipo a zibonga zofiira atapha anthu ambiri pa Fort Mims pa 30 Ogasiti, America inalowererapo.

Pano mtsinje wa Tallapoosa umakhota ngati chigongono n'kuzinga kachilumba ka nthaka. Ankhondo pafupifupi 1,000 a Menawa anatseka pakhosi pake ndi mpanda wa mitengo. Lero pali timitengo toyera tozikidwa pa udzu kusonyeza pamene unadutsa. Pa 27 Malichi 1814 Andrew Jackson, wotsogolera asilikali a America pa nkhondoyi, anafika ndi anthu oposa 3,000, mwa iwo a mtundu wa Cherokee ndi a Creek a kumunsi otsogozedwa ndi McIntosh yemwe uja. A Cherokee anasambira mtsinje n'kutenga mabwato amene ozingidwawo akanathawira. Dzuwa polowa anthu pafupifupi 800 a zibonga zofiira anali atafa, ena pamtunda, ena m'madzi. Ndinatsikira kumtsinje n'kuvula chipewa. Mnyamatayu, amene sabata yonseyi wakhala akufunsa mafunso, sanalankhule kanthu mpaka tinalowa m'galimoto.

Pa 9 Ogasiti 1814, pa linga limene Jackson anamanga pamwamba pa la Afalansa lija n'kulitcha dzina lake, mafumu anasainitsidwa kupereka maekala pafupifupi 23 miliyoni. Usiku uno ndawerengera pa pepala: ndi malo ofanana kukula ndi Malawi yense, nyanja titaichotsapo. Ambiri mwa osainawo anali mafumu amene anamenya nkhondo kumbali ya Jackson. Panali patangopita zaka 24 ndi masiku awiri chisainireni pepala la ku New York.

Lamulungu, Fort Mitchell

Pobwerera ku Atlanta tinakhotera ku Fort Mitchell, tsidya la Alabama la Chattahoochee. Mu 1832, pa pangano la Cusseta, a Creek anasiya malo awo onse a kum'mawa kwa Mississippi, mabanja n'kulonjezedwa minda yawoyawo. Minda yambiri inabedwa ndi mapepala abodza, anthu olembedwa ganyu akusaina m'maina a eni ake. Njala ndi mkwiyo zitabala nkhondo mu 1836, asilikali anasonkhanitsa anthu pano, amuna ena n'kumangidwa unyolo, kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Montgomery, kenako kumadzulo, kudziko lomwe lero ndi Oklahoma. Anthu oposa 20,000 anasamutsidwa, ndipo ambirimbiri anatsalira panjira.

Midzi inanyamula phulusa la moto wa pabwalo pake. A mudzi wa Lochapoka anakathira lawo pansi pa mtengo wina waukulu mu 1836 n'kukolezanso moto, ndipo pamenepo ndi pamene panayambira mzinda wa Tulsa. Likulu la mtundu wa Muscogee lero lili ku Okmulgee, dzina lomwe lija la pa zitunda. Mnyamatayu anandikumbutsa kuti pa 9 Julayi 2020, pa mlandu wa McGirt, khoti lalikulu la America linagamula ndi oweruza asanu motsutsana ndi anayi kuti malo amene a Muscogee analonjezedwa kumadzuloko sanafafanizidwepo ndi nyumba ya malamulo, choncho lonjezolo likadalipo.

Pano pali chikumbutso chooneka ngati malawi a moto, chopangidwa ndi chitsulo, ndipo mozungulira muli zikwangwani za maina a eni mabanja amene analembedwa m'kaundula wa boma anthu asanasamutsidwe, mudzi ndi mudzi. Tinayamba kuwawerenga mokweza, iye dzina limodzi, ine lina, malilime akupunthwa. Sitinafike ngakhale theka.

Tikubwerera kugalimoto anandifunsa kuti, "Amalume, munda uja mlandu wake unatha bwanji? Amayi sanandiuze bwinobwino." Ndinamuuza kuti mbali ya kudambo inabwerera, koma ya kumtunda wogulayo anali atamangapo kale nyumba. Anati akabwera kumudzi pa Khirisimasi ndidzamuyendetse m'malire monse, kuyambira pa mtengo wa mango wa agogo ake mpaka pa nkhadze zija tinadzala mlandu utatha, chifukwa iye sawadziwa. Ndamuuza abwere ndi nsapato zolimba, nthawi imeneyo kudambo kumakhala matope.